Malangizo kwa Mnyamata Wofuna Kukwera m'Chipani

Mphwanga, popeza mtima wako walakalaka mpando wa ku Maputo, chinkana lero ukhala ku Chiuaula kuno ku Lichinga ndipo chuma chako chonse ndi njinga imodzi, tchera khutu ndikuuze njira imene akuluakulu anadzera.

Choyamba, yambira pa selula ya m'dera lako, pakuti palibe analowa m'Komiti Yaikulu asanayambe wanyamula mipando. Uzifika pamsonkhano mbandakucha, chisanu cha Juni chikuluma zala, uyale kapulana wa chipani pathebulo la a sekeletale, ndipo wamkulu akayamba kulankhula, ufuule "Viva!" nuombe m'manja mawu asanathe m'kamwa mwake, chifukwa wodikira kuti amve tanthauzo amaoneka ngati ali ndi maganizo akeake, nthenda imene yagwetsa ambiri.

Chachiwiri, uloweze mbiri pamtima: kuti Frelimo inabadwira ku Dar es Salaam mu 1962, ndi kuti msonkhano wake waukulu wachiwiri unachitikira ku Matchedje, m'nkhalango za Niassa mommuno, mu Julayi 1968, kumene Eduardo Mondlane anasankhidwanso kukhala mtsogoleri wa chipani, pakuti mayi akakufunsa za mjigo umene unafa chaka chatha, kumuyankha ndi Matchedje n'kwapafupi koposa kukonza mjigowo. Ukakhala wa Renamo, MDM kapena Podemos, usavutike mtima: mwambo ndi womwewo, malaya okha ndiwo asiyana.

Chachitatu, uwakonde anthu pa nyengo yake, ndiyo kamodzi pa zaka zisanu. Chisankho chikayandikira, monga chija cha pa 9 Okutobala 2024, utsikire ku Metangula, ukafike ku Majune ndi ku Mecula, ukhetse misozi pamaliro a anthu amene sunawaonepo, ugawe zipewa, ulonjeze magetsi ndi msewu wa tala koma osatchula chaka. Mavoti akawerengedwa, usinthe nambala ya foni.

Chotsiriza ndicho ichi: ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Kumbukira a Aires Ali, mwana wa Niassa, amene anakhalapo bwanamkubwa wa chigawo chino nadzakhala nduna yaikulu ya dziko mu 2010. Koma pamsonkhano wa Frelimo wa ku Pemba mu Seputembala 2012 anzawo sanawasankhe kulowa m'Komishoni ya Ndale, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti Armando Guebuza anaika wina pampando wawo. Chifukwa chake uziweramira onse, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, ngakhale kamnyamata konyamula mipando, pakuti sudziwa amene adzagwire dzina lako m'manja mawa.

Ukaona kuti khosi lako silingathe kuwerama chotero, mphwanga, bwerera kumunda ukalime mbatata ya kachewere, pakuti iyo imabweza thukuta pa miyezi inayi ndipo sifuna kuomberedwa m'manja.