Dothi lilibe manyazi

Ku Estonia, kadziko ka anthu 1.3 miliyoni kumpoto kwa Ulaya, amisiri amaumba tianthu tadothi tonyogodola makhalidwe a anzawo, n'kukatiika m'nyumba zachionetsero ku Tallinn. Kwathu kuno ku Petauke ntchito imeneyi amaigwira ana oweta ng'ombe kudambo, opanda digiri.

Kunyogodolako sitinayambe lero. Pitani ku Kulamba, ku Mkaika ku Katete, mwezi wa Ogasiti, mukaone Simoni wa nkhope yofiira akuyenda monyang'wa ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Gule Wamkulu ameneyu UNESCO inamulemekeza mu 2005. Anamkungwi nawonso ali ndi vilengo vyawo vyadothi kuchinamwali, koma izo n'za amayi, ndingalipitsidwe mbuzi. Ine zonsezi ndinkaseka mpaka misozi, poti osekedwawo anali ena.

Ndiye mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anatopa ndi kuumba ng'ombe n'kuumba ine. Dazi analisalaza ndi malovu. Mimba inatsogola, miyendo ikubwera pambuyo. Dzanja lamanzere lagwira foni yopanda mayunitsi, lamanja latambasuka, likudikira kuti muikepo kanthu.

"Iwe, ameneyu ndani?"

"Ndi munthu chabe, amalume."

Mayi a kunyumba sanayankhule. Anangokatenga n'kukakhazika pakabati, pamene alendo amayamba kuyang'ana akangolowa.

Mwanayo ataona kuti ntchito yayamikiridwa, anaumba amalume ambirimbiri, kuwaotcha ndi makungwa, ulendo ku Nyimba, pamene mabasi a pa Great East Road amaima anthu n'kumalimbirana nthochi. Ndinamulondola kuti ndikaletse malondawo. Ndinapeza anthu ataunjikana. Mayi wina anati ameneyu ndi kansala wa kwawo, nthawi ya kampeni itatha. Kondakitala analumbira kuti ndi m'busa wa tchalitchi chake pa tsiku la chakhumi. Agogo ena anati ayi, uyu ndi mkamwini wawo ndithu, dzanjalo akulidziwa. Ine ndinaima pomwepo, dazi lili pamtunda, koma palibe anandizindikira. Chimenechi ndiye chinandiwawa kuposa mimba ija.

Mtengo nawo unandichotsa ulemu. Mbuzi yadothi K30, ine K20, ndipo wogula awiri amamuchotsera.

Tsono inu amene munagula n'kupita nane ku Lusaka kapena ku Chipata, chonde musandiike pafupi ndi chikwama chanu. Ndipo amene mwalizindikira dzanjalo, dekhani, ndalama zanu ndibweza tikagulitsa nshawa.