Pa Chitakale seva imafa yokha

Pa Chitakale, pomwe msewu wa ku Likhubula ndi Phalombe umapatuka mu msewu wa ku Muloza, chinthu sichiwonongedwa ndi munthu. Chimafa chokha. Ndi mmenenso inafera seva ya pa kaofesi kena kolandira alendo okwera phiri la Mulanje. Lolemba m'mawa webusaiti inangoti zii.

"Wagwira kompyutayi ndani?" anafunsa bwana.

"Ine ndangoipeza ili choncho, bwana," anayankha mlembi. Mphwawo wa abwanawo, yemwe amati anaphunzira za kompyuta ku Limbe, anali kalikiliki kupukuta foni yoyera kale.

Mutu umodzi susenza denga, choncho mitu inabwera. Wakabaza anati ndi netiweki. Mayi wogulitsa nanazi anati ndi chifunga cha chiperoni, chalowa m'mawaya. Mlonda anatsitsa mawu n'kukumbutsa anthu kuti Sapitwa, ndi mamita ake 3,002, sakondwa kuikidwa pa intaneti popanda kupempha. Bwana anagwedeza mutu, nati akumudziwa wansanje wake. Seva ija anaizimitsa, kuiyatsa, kuimenya khofi pambali, kenako kuipemerera ndi katoni. Zolembedwa pa sikirini panalibe anaziwerenga, poti Chingerezi cha makina amati n'chamwano.

Masana anaitana katswiri. Anafika pa njinga yamoto, laputopu kumsana, n'kuyamba ndi moni wa banja lonse ndi kufunsa za thiransipoti. Kenako analemba nginx -t, lamulo louza pulogalamu ya Nginx, yoyendetsa webusaitiyo, kuti iunike fayilo ya malangizo ake isanayambe ntchito. Makinawo anatchula dzina la fayilo, nginx.conf, ndi nambala ya mzere pomwe anapunthwa. Panasowa semikoloni, kadontho kaja kokhala ndi kamchira kunsi, komwe Nginx imafuna kumapeto kwa langizo. Popanda iko imakana kudzuka.

Atakaika, seva inakananso. Mu error.log munalembedwa kuti poti 80, khomo lomwe alendo a pa webusaiti amalowera, yatengedwa kale. Wina anali ataikamo Apache, pulogalamu inanso ya ntchito yomweyo, ndipo ziwirizo zimalimbirana khomo limodzi ngati maminibasi awiri olimbirana pasenjala mmodzi pa siteji.

"Achimwene, Apacheyu walowamo bwanji?" anafunsa katswiri.

"Mwina anabwera ndi magetsi, paja anathima Loweruka," anatero mphwawo, maso ali kudenga.

Katswiri sanatsutse. Iyenso ndi wa konkuno, amadziwa kuti mphwake wa bwana salakwa malipiro asanatuluke. Amadziwanso kuti ntchito yotha msanga amakulipira "zikomo kwambiri" ndi nanazi. Choncho atazimitsa Apache anakwinya nkhope, kupempha Fanta ndi sikono, n'kumayendetsa zilembo zobiriwira pa sikirini yakuda mpaka dzuwa kupendeka.

"Zinali zoopsa, bwana," anatero potsiriza. "Mukanachedwa pang'ono, intaneti yonse ya Mulanje ikanapsa."

Bwana analipira mosanyinyirika, n'kulamula kuti pachitseko paikidwe loko watsopano kuti adani asalowenso. Makiyi anapereka kwa mphwawo.

Inu a pa Chitakale, seva ikakana kudzuka, musayambe ndi mizimu ya m'phiri. Werengani zomwe yalemba, ndipo sungani kope la fayiloyo wina asanaigwire. Pa ofesi yonseyo, makina okhawo ndi omwe ananena chilungamo tsiku limenelo.