Kanjinga kopanda keliyala

Kwathu kuno njinga timaiyesa ndi katundu. Ikasenza matumba awiri a makala, mbuzi pamwamba, n'kufika nazo kumsika, timati apa pali njinga. Ndiye mundimvetse kuti mwana wa mlongo wanga atatulukira ndi BMX yake ya pa kaunjika, ndinayamba ndafunsa amene wamubera keliyala.

"Amalume, imeneyi sinyamula katundu. Ndi youluka."

Timatayala take ndi ta mainchesi 20, giya imodzi basi, chishalo chili pansi penipeni. Akuti chishalocho sachikhalira kwenikweni, amapalasa choimirira. Munthu kugula njinga ndi ndalama zako, n'kumayendanso choimirira!

Za BMX zinayambira ku California cha m'ma 1970. Ana ankasirira akuluakulu ochita mpikisano wa njinga zamoto m'fumbi, iwo n'kumatengera pa tinjinga tawo ta Schwinn Sting-Ray. Chibwana chimenecho chinakula mpaka kulowa mu Olympics ku Beijing mu 2008, kumene Māris Štrombergs wa ku Latvia anatenga golide, n'kudzabwerezanso ku London mu 2012. Sifiso Nhlapo wa ku South Africa anafika mu fainolo ya ku Beijing koma anagwa. Ameneyu ndiye m'bale wanga.

Pa mpikisanowu amayambira pa chitunda chotalika mamita 8, anthu 8 pamzere. Geti likangogwa, onse liwiro kutsetsereka, mabampu, makona, ndipo mphindi imodzi isanakwane wopambana wadziwika kale. Ine mphindi imodzi ndimakhala ndikadapinda buluku kuti lisakodwe mu tcheni.

Ndinakwerabe, poti ana a m'mudzi anali atasonkhana. Maondo anafika m'makutu, mimba n'kukhazikika pa mahandulo. Mnyamata uja anandilozera kangalande ka kuseri kwa bafa, akuti ndipalase mwamphamvu, ndikoke mahandulo, kenako ndinyamuke nayo njingayo. Ndinakoka ndithu. Tayala lakutsogolo linadzuka mwaulemu, lakumbuyo linakanitsitsa. Ngalande ndinawoloka ndekha, njinga n'kutsala tsidya lina ikuzunguza tayala.

Mayi a kunyumba anatuluka m'khitchini mthiko uli m'manja. Za msana wanga sanafunse. "Bambo a ana, buluku mwang'ambalo si la kutchalitchi lija?"

Ku Tokyo mu 2021, Charlotte Worthington wa ku Britain anatembenuzika chagada m'malere, uku akuzungulira ndi njinga yomwe, ndipo anamupatsa golide. Zimene ndinachita ine sizinasiyane kwenikweni ndi zakezo, kungoti njinga sinanditsatire. Ine anandipatsa singano ndi ulusi.