Kalata kwa Alamu: Za Mpando Wogula Galimoto Usanaione

Plettenberg Bay,
28 Disembala 2024

Okondedwa Alamu,

Musadzidzimuke poona dzina lachilendo pamwamba pa kalatayi, n'kumaganiza kuti ntchito ya ku Joni yandithera. Ndikadali ndi abwana omwe aja, koma mudziwe kuti Disembala akafika pakati, omanga nyumba ndi mafakitale ambiri akatseka, eni chuma a mu Johannesburg amanyamuka ndi ana awo, agalu awo ndi antchito awo kudzagona pamchenga wa nyanja yamchere, ndipo ife osamalira maluwa timatsata pambuyo, pakuti nyumba ya kunyanja nayonso ili ndi kapinga wofuna kutchetcha.

Chimene chandikhalitsa pansi kulemba, m'malo mongoimba foni monga mwa masiku onse, ndi nkhani ya galimoto imene inatinyamula pabwalo la ndege. Ndayesa kuifotokozera anzanga a kuno, koma onse angondiyang'ana osaona chodabwitsa; ndipo ndazindikira kuti munthu yekhayo amene angaimve kukoma kwake ndi kuwawa kwake ndinu, amene imvi zakupezerani pachiwongolero cha minibasi pakati pa Limbe ndi Chitakale.

Abwana ndi adona anatsogola pagalimoto yawo, koma popeza kuchokera ku Johannesburg kufika kuno ndi mtunda wopitirira makilomita 1,000, ndipo mayi awo a abwana, agogo okalamba ndithu, msana wawo sulola kukhala tsiku lathunthu pampando, kunagamulidwa kuti iwo adzere m'mwamba kuchokera pa OR Tambo kukatera ku George, ulendo wa maola ngati awiri, ine ndikhale wowagwira dzanja ndi wowanyamulira mankhwala. Za ndegeyo ndidzakuuzani pamaso. Kuchokera pa George kufika ku Plettenberg Bay pamatsala makilomita pafupifupi 100, ndipo apa ndi pamene adona, kudakali masabata angapo ulendo usanafike, anandipatsa foni yawo nati ndisungitse malo pa intaneti m'galimoto yodzatitenga. Mitengo inalipo iwiri: wina wa galimoto yokwera nokha, wokwera kwambiri, ndi wina wotsikirapo wa galimoto yogawana ndi anthu ena osawadziwa. Adona atasankha wachiwiriwo, mtima wanga unasekera, ndinati tsopano ndapeza chinthu chimodzi m'dziko lino chimene ndingaphunzitse azungu, pakuti galimoto yogawana ndi anthu osawadziwa ndiyo minibasi, ndipo minibasi ndinaiphunzira kwa katswiri.

Alamu, mafunso amene foni ija inandifunsa, ngakhale ankhoswe anu tsiku lija ndinkafunsira mbeta kwanu sanafike pamenepo. Inafuna dzina la aliyense wokwera, nambala ya ndege, tsiku ndi ola limene ndegeyo idzatere, kuchuluka kwa masutikesi, ndi nambala ya nyumba imene tikatsikire. Inafunsanso ngati tili ndi njinga, kapena ndodo zosewerera gofu, kapena thabwa lija anyamata a kuno amaimirirapo pamafunde, kapena khanda lofuna kampando kakekake. Ndinafufuza mpaka pansi kuti ndione polemba mbuzi, thumba la chimanga, mtolo wa nzimbe kapena dengu la zinanazi, koma malo ake panalibe. Ndipo ndinadzifunsa kuti galimoto yosadziwa mbuzi imadya chiyani.

Tsono imvani chachikulu. Nditatha kuyankha, ndalama inatuluka m'khadi la adona nthawi yomweyo, yonse yathunthu, galimoto tisanaione, matayala ake tisanawaponde ndi phazi, woyendetsa tisanamununkhize m'kamwa kuti tidziwe kumene anagona. Ndipo m'malo mwa zonsezo tinangolandira kauthenga kotithokoza ndi kutichenjeza kuti tikadzasintha maganizo nthawi itatha, ndalamayo sidzabwerera. Ndinakumbukira amayi aja a pa siteji ya Chitakale, amene amamanga ndalama pansonga ya chitenje ndi mfundo ziwiri, osaimasula kufikira minibasi itadutsa pa Nkando ndi kuonetsa kuti ku Limbe ikafikadi. Ndinakumbukiranso mawu anu amene mumauza kondakitala wanu aliyense watsopano, akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, kutanthauza kuti wapaulendo weniweni ndi amene wakhala kale pampando. Koma kuno, Alamu, wapaulendo weniweni ndi amene ali m'foni, ngakhale thupi lake likadali ku London.

Tsiku litakwana, tisanatsike ndege, ndinawalangiza agogo bwinobwino kuti tikangotuluka pakhomo agwiritse chikwama chawo pachifuwa ndi manja onse awiri, asayankhe aliyense wowatchula kuti amayi, ndipo aime kumbuyo kwanga, pakuti oitanira ndimawadziwa ine: wina amakoka sutikesi kumka nayo kum'mawa, wina n'kukoka mwini wake kumka naye kumadzulo. Ndinakonza zigongono. Koma taonani, potuluka tinapeza bata la m'tchalitchi, ndi bambo mmodzi wovala malaya osita bwino ataima chilili, atanyamula kabolodi kolembedwa dzina la agogo, ndi pansi pake dzina langa, lolembedwa molondola mpaka chilembo chomaliza. Sanafuule, sanaimbe likhweru, sanamenye chitseko ndi chikhatho. Chibwerere m'dziko lino, aka kanali koyamba kuti munthu wachilendo atchule dzina langa osatsatiza ndi funso la mapepala.

Galimotoyo ndi mtundu womwewo wa Toyota umene inu mumayendetsa, ngakhale kuti yanu yaona zambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mene inu mumakhazika anayianayi, wachisanu n'kukhala theka pamwendo wa mnzake, kondakitala n'kudzipinda pakhomo mutu uli kunja, umu aliyense anali ndi mpando wake ndi lamba wake, ndipo katundu anali ndi kangolo kakekake kokokedwa kumbuyo. Tinakhala kanthawi osanyamuka, ine n'kumati eya, apa ndiye tafanana, tikudikira kuti idzaze. Ndinayang'ananso anzanga aja mmodzimmodzi kuti ndizindikire amene ali apaulendo enieni ndi amene angokhazikidwamo kuti galimoto ioneke yodzaza, monga anyamata anu aja amene amatsika mmodzimmodzi anthu akamakwera. Nditafunsa, woyendetsa anandionetsa foni yake, m'mene munali kandege kakang'ono kakuyenda pamapu, nati tikudikira mayi wina amene ndege yake yochokera ku Cape Town yachedwa. Taganizani, Alamu: inu pa Chitakale mumadikira mtundu wonse wa anthu, aliyense amene Mulungu angamutume, awa amadikira munthu mmodzi wodziwika dzina, amene pa nthawiyo ali m'mitambo.

Mayiyo atafika, chitseko chinatsekedwa, ndipo tinanyamuka mipando yoposa theka ili mbee, yopanda munthu. Apa ndiye mtima unandipweteka m'malo mwanu. Titalowa mumsewu waukulu wa N2, tinayamba kupeza anthu ataima m'mbali, ena atakweza ndalama yapepala m'mwamba kuti woyendetsa aione, pakuti umo ndi m'mene amaimitsira matola kuno. Ndipo ine, polephera kupirira, ndinamugwira paphewa bambo uja n'kumuuza kuti achimwene, ndalama izo zikukupatsani moni. Anaseka mpaka misozi, nati galimotoyo ili ndi kachipangizo kouza eni ake ku ofesi paliponse pamene yaima, ndipo akangokweza munthu amene sali pamndandanda, mawa lake adzakhala iye woimika ndalama m'mbali mwa msewu. Ndinawerenga mipando yopanda anthu ija, ndinawerenga anthu amene tinawapitirira, ndipo ndinaona kuti mukanakhala inu, pofika pa Sedgefield mukanakhala mutagula tayala latsopano.

M'galimotomo munalibe wopatsa mnzake moni woposa kumwetulira, munalibe mlaliki, munalibe wotsutsana za Bullets ndi Wanderers, munalibe ngakhale mwana wolira. Mawindo anali otseka, ndipo palibe anatilowetsera nthochi kapena chimanga chootcha. Tinatsika phiri la pa mtsinje wa Kaaimans, nyanja n'kutseguka pansi pathu pa Wilderness, tinadutsa m'mbali mwa nyanja zing'onozing'ono ndi nkhalango za paini, mpaka tinafika ku Knysna, kumene madzi a m'nyanja amalowa m'dziko kudzera pakati pa mapiri awiri amiyala. Kumeneko galimoto inapatuka kukasiya bambo wina pageti la nyumba yake penipeni, pamwamba pa chitunda, ife tonse tikuperekeza. Ndipo bamboyo, amene anali atalipira kale zonse, anapisa m'thumba n'kumuonjezera woyendetsa ndalama ina, namuthokoza. Inu amene mwakhala mukutukwanidwa zaka zonsezi chifukwa cha chenje, ndikudziwa kuti apa simundikhulupirira.

Aliyense akatsika, woyendetsa ankachonga dzina lake papepala la mndandanda uja.

Alamu, pepala limenelo ndi limene landisowetsa tulo. Msewu wochokera pabwalo la ndege umalambalala tauni ya George, ndipo ine ndinaiona nyumba zake zili m'tsinde mwa mapiri a Outeniqua, mitambo itakhala pamwamba, kotero kuti maso anga anayamba okha kufunafuna minda ya tiyi ndi thanthwe la Chambe. M'tauni imeneyo ndi m'mene pa 6 Meyi chaka chino nyumba ya nsanjika imene inkamangidwa mumsewu wa Victoria inagwera amisiri ake, anthu 34 n'kutaya miyoyo, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ena a ku Mozambique ndi Zimbabwe. Masiku amene ankafukula aja ife ku Joni tinkangokhalira pa foni, ndipo chiwerengero cha amene anali pantchito tsikulo chinkasinthasintha, lero chino mawa china, achibale ali panja ndi zithunzi m'manja. Ife opita kokasamba m'nyanja mayina athu anali olembedwa kudakali masabata, ndi ola lenileni lofikira. Ndinakhala pampando wanga wofewa uja lamba ali pachifuwa, ndipo sindinathenso kuwayankha agogo pamene ankandilozera nyanja.

N'chifukwa chake ndikupemphani, inu monga mwini mbumba, kuti mumve izi ndipo muzisunge. Ndinalowa kagulu ka maliro ka anzathu ochokera ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo ndimasonkha mwezi ndi mwezi osadumphitsa, chifukwa kunyamula thupi kuchokera kuno kufika kwathu ndi ndalama imene banja lathu silingaipeze ngakhale litagulitsa munda. Nambala ya msungichuma wa kaguluko ndinawatumizira mlongo wanu, pamodzi ndi chithunzi cha pasipoti yanga ndi nambala ya nyumba imene ndimagwira ntchito. Koma foni yawo ija imazima ikafuna, choncho mukopere zonsezo m'kope ndi cholembera, muike m'Baibulo lanu. Musawauze kuti ndalemba zimenezi, angayambe kuganiza kuti ndikudwala. Ndili bwino ndithu.

Ndalama ya mipando yathu iwiri ija, nditaitembenuza m'makwacha usiku uja, sinali kutali ndi thumba la feteleza, ndipo inatha pa ulendo wosakwana maola awiri. Sindikuwadandaula eni ake, ndalama ndi yawo. Koma mlongo wanu anandiuza kuti chimanga cha kumunda wa kumtunda chayamba chikasu, ndipo pambuyo pa chilala cha nyengo yathayi sitingathe kukolola mapesi kawiri. Ndatumiza pa Mukuru zonse zimene anandipatsa za Khirisimasi. Mugule kaye feteleza wobereketsa, thumba limodzi, ndipo mupite nokha, musatume anyamata. Yotsalayo ikhale ya fizi ya mwana wathu wamkulu sukulu zikamatsegulidwa mu Januwale. Ikapanda kukwana, mukawaone aphunzitsi aakulu, muwauze kuti yotsalayo ibwera kumapeto kwa mwezi, ndipo ibweradi. Za malata zidikire. Katundu uja ndinapereka kwa onyamula akadali ku Joni, chifukwa ndi zipolowe za ku Mozambique palibe akufuna kuika galimoto yake pamsewu wa ku Tete. Muwauze ana kuti nsapato zawo zilipo, sindinawanamize. Wamng'ono uja akuti anafunsa amayi ake ngati ndidzamuzindikire ndikadzabwera, ndipo ine pa foni ndinangoseka, koma yankho lake ndilibe.

Ndamva kuti mafuta akusowabe ndipo mukumagona m'minibasi pamzere wa pafilingi siteshoni. Muzitenga bulangete, pakuti chifuwa chanu chija sichigwirizana ndi mphepo ya m'bandakucha. Ulendo wathu wobwerera pabwalo la ndege tausungitsa kale, ola lake likudziwika, ndipo ndalama yake yadyedwa kale. Ndapempha kuti andipatse mpando wa kutsogolo kuti ndimulangize bwino bambo uja za ntchito yake. Koma inu musayerekeze kukayambitsa mwambo umenewu pa Chitakale, wonyamuka ndi mipando yopanda anthu chifukwa choti ola lakwana, pakuti bwana wanu adzakulandani makiyi dzuwa lisanalowe, ndipo ine ndilibe mphamvu yodyetsa mabanja awiri.

Mundipatsire moni apongozi, muwauze kuti mankhwala opaka m'mawondo ali m'katundu yemweyo. Mukapita kumunda mujambule chimangacho munditumizire pa WhatsApp, ndione ndekha mtundu wa masamba ake.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni.