Make mbuu, nanga mwana wafanana ndi yani?

Akuluakulu anati make mbuu, mwana mbuu. Anayankhula asanaone kapaketi ka mbewu ya tomato kolembedwa F1.

Kale mwambiwu sunkaphonya. Agogo ankapatula chimanga cha maso akuluakulu n'kuchipachika pautsi, nyemba n'kuzithira phulusa m'nsupa kuti anankafumbwe agone ndi njala. Mvula ikagwa, mwana ankatuluka nkhope ya make yeniyeni.

Lero munthu atsika basi pa Lizulu, agula tomato wonenepa, wosalala, wofanana mulu wonse, ndipo mmodzi amufinya kuti asunge njere. Chaka chinacho dimba lidzaza alendo: uyu wamtali, uyu wamfupi, uyu akubala timaso tokhatokha. Mwini dimba ayamba kumuyang'ana m'mbali mnansi wake, ati wandikawa. Pepani bambo, palibe wakukawani. Ngati tomato uja anali haibulidi wa F1, makolo ake anali mitundu iwiri yosiyana imene kampani inakwatitsa ndi manja, ndipo adzukulu amagawana makhalidwe a azigogo awo mwachisawawa. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, anazilemba kale izi mu 1866 atazunzika ndi nsawawa zake: pa adzukulu anayi aliwonse, mmodzi ankatulutsa khalidwe la gogo limene linabisala mwa make. Akanakhala anthu, nkhani ikanafika kwa ankhoswe.

Tomato amene amalemekezabe mwambi alipo: Tengeru 97, Tanya, Rodade, Money Maker. Duwa la tomato limadzikwatira lokha, ndiye kuchimuna ndi kuchikazi ndi khomo limodzi. Dzungu ndi nkhani ina. Lili ndi maluwa aamuna padera, aakazi padera, ndipo mungu amanyamula ndi njuchi, yomwe sidziwa malire a munda. Mwina n'chifukwa chake mwambi wathu sutchula bambo n'komwe. Ife a chikamwini tinaphunzira kale kuti mwana ndi wa kwa make, zinazo tisafunse.

Koma pamene mwambiwu umaluma zedi ndi posankha mayi. Alimi ambiri tomato wabwino amapita naye kumsika, wotsatira amapita mu ndiwo, ndipo wa mbewu amakhala uja wotsalira, wamawanga, amene ngakhale nkhuku inangomujompha kamodzi n'kumusiya. Kenako timadabwa kuti ana atuwa. Anatuwa ndi make! Mayi wa mbewu azichokera pa tsinde lathanzi, lobala kwambiri, ndipo apse bwinobwino pamtengo pomwepo.

Ntchito yosunga njere za tomato ndi yonunkha pang'ono. Finyirani njere ndi madzi ake omwe m'kapu, muzisiye masiku awiri kapena atatu mpaka pamwamba pachite nkhungu. Kuwola kumeneku kumachotsa kuterera kokuta njere, komwe kumaziletsa kumera. Chenjezani a pakhomo, chifukwa nthawi zonse pamapezeka munthu waukhondo amene amataya mbewu ya chaka chonse n'kudikira kuti mumuthokoze potsuka kapu. Thirani madzi: zomira ndizo mbewu, zoyandama ndi mankhusu. Yanikani pamthunzi m'mbale kwa sabata, pamwamba poti nkhuku sifika, kenako mu envulopu, envulopuyo m'botolo lotseka bwino. Lembani dzina. Njere za mpiru, repu ndi tchainizi zimafanana moti amene amadalira mutu wake amadzadziwa chimene anafesa ndiwo zili kale mumphika.

Chondipweteka ine ndi pwetekere uja wakudzala. Palibe anamufinya, palibe anamuyanika, feteleza sanamuonepo, mankhwala sawadziwa. Amangomera yekha kuseri kwa bafa chaka ndi chaka, n'kubala mpaka nthambi kugwa pansi, pomwe wanga wa mu nazale, wothiriridwa m'mawa ndi madzulo, akufota ndi chiwawu. Make sindimudziwa, ndipo poona pamene wamera, njira imene anadzera sindikufuna kuifufuza. Koma mu usipa amakoma.