Mimbayi N'njakumtundu, Koma Mtanda Wachinayi Ndi Wanga

M'dziko muno muli gulu lalikulu la amuna limene silinalembetse kuboma, ndipo ine ndine membala wake wokhulupirika. Ndife amuna amene lamba anasamuka kalekale m'chiuno n'kukakhazikika kunsi kwa mchombo. Zingwe za nsapato timamanga titagwira mpweya, ndipo tikaweramuka timaona tinyenyezi dzuwa lili paliwombo. Mfundo ya gulu lathu ndi imodzi, yaifupi, yosavuta kuloweza: "N'zakumtundu." Mayi a kunyumba akadandaula kuti batani la malaya lathothokanso, timawakumbutsa za amalume athu. Adokotala akayang'ana sikelo n'kupukusa mutu, timawauza kuti akanaona agogo athu aamuna sakanadabwa. Make mbuu, mwana mbuu. Lero ndikufuna kuiteteza mfundoyi ndi umboni wa asayansi, koma ndichenjezeretu mamembala anzanga kuti umboniwo ukutiperekeza mpaka pakati pa njira pokha, kenaka ukutitembenukira.

Tiyambe ndi mbali yokomayo. Mu 1990, wasayansi wa ku Canada, Claude Bouchard, pamodzi ndi anzake a pa yunivesite ya Laval ku Quebec, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene ine ndikanalipira ndalama kuti andilembe nawo. Anasonkhanitsa anyamata 24, onse mapasa ofanana, n'kuwasunga pamalo amodzi kwa masiku 100. Ntchito yawo inali kudya ndi kupuma. Masiku asanu ndi limodzi pamlungu, aliyense ankapatsidwa chakudya choonjezera cha makalori 1,000 pamwamba pa chimene thupi lake linkafuna. Mbale zinali zofanana, koma sikelo inakondera. Wina ananenepa ndi makilogalamu 4.3 okha, pamene wina anaunjika makilogalamu 13.3. Chochititsa chidwi n'chakuti obadwa mimba imodzi ankanenepa mofananirapo, ngakhalenso malo amene mafutawo ankakakhala, makamaka a m'kati mwa mimba, ankatsata magazi. Choncho mnzanu uja amene amamaliza mitanda isanu koma nthiti zili poyera si mfiti, musamunenere zoipa. Anangosankha bwino makolo.

Kukondera komweku kumapezekanso pa masewera olimbitsa thupi. Bouchard yemweyo anatsogolera kafukufuku wina wotchedwa HERITAGE, ndipo mu 1999 anaulula zimene anapeza mwa anthu 481 a m'mabanja 98. Onsewa anapalasa njinga ija yosapita kulikonse katatu pamlungu kwa milungu 20. Pomaliza anayeza kuchuluka kwa mpweya umene thupi la aliyense linkatha kugwiritsa ntchito akafika pamapeto a mphamvu zake. Ena anaonjezera mpweya wopitirira lita imodzi pamphindi, pamene ena anatuluka thukuta milungu 20 yathunthu n'kungosintha pang'onong'ono, ndipo pafupifupi theka la kusiyanako linkayenda m'mabanja. Nkhani ya minofu ndi chimodzimodzi. Mu 2005, Monica Hubal ndi anzake ku America ananyamulitsa zitsulo anthu 585 kwa milungu 12, ndi mkono umodzi wokha. Mnofu wa mkono wa wina unakula ndi 59 peresenti, wa wina sunakule n'komwe. Mlimi aliyense akuidziwa nkhaniyi: thumba limodzi la feteleza mukaligawa pakati pa dimba ndi munda wa mchenga, musayembekezere zitsononkho zofanana. Koma palibe mlimi wanzeru amene amasiya kulima chifukwa munda wake ndi wa mchenga. Amangodziwa kuti iye ndiye ayenera kulawirira kuposa mnzake.

Apa ndi pamene umboni ukuyamba kutitembenukira. Mwa anyamata 24 a ku Quebec aja, palibe ngakhale mmodzi amene anatuluka ali monga analowera. Onse ananenepa. Chibadwa chinangonena kuti uyu anenepa kwambiri, uyu pang'ono, koma mafutawo anabwera ndi mbale. Mu 2007 asayansi anatchula kachidutswa kena ka chibadwa kotchedwa FTO, kamene ndi kodziwika kwambiri pa nkhani ya kunenepa. Nditamva dzina lake ndinafuna kulilemba pachitseko cha kuchipinda, mpaka nditaona kukula kwa mphamvu yake. Munthu amene anatengera mtundu wonenepetsawo kwa bambo ndi kwa mayi omwe amalemera kuposa anzake ndi makilogalamu atatu okha, tikawatenga onse pamodzi. Atatu! Nanga makilogalamu ena aja amene ndikuyenda nawo patsogolopa ndi a yani? Kuonjezera apo, mu 2011 anaphatikiza zotsatira za akuluakulu oposa 200,000 n'kupeza kuti mwa anthu ochitachita ndi thupi lawo, mphamvu ya FTO imatsika ndi 27 peresenti. Ndiye kuti amalume ali ndi mlandu ndithu, koma ndi mlandu waung'ono, woti anyakwawa angathe kuugamula asanamalize kapu ya thobwa.

Wina wa m'gulu lathu adzaimirira n'kunena kuti vuto si ulesi, vuto n'loti sitinapeze mtundu woyenera wa kathamangidwe. Mkangano umenewu timaukonda zedi chifukwa umachitika titakhala pansi. Umboni wake umakhala zithunzi ziwiri: Usain Bolt, amene anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, minofu ili ngundangunda, ndi Eliud Kipchoge, amene anamaliza makilomita 42 maola awiri asanakwane ku Vienna mu 2019, thupi lili lopyapyala. Ndiye amati onani, liwiro limamanga thupi, mtunda wautali umalidya. Koma kaganizidwe aka kakuyenda chafutambuyo. Anthu awiriwa anatchuka pa mipikisano imene matupi awo anabadwira. Kipchoge atayamba lero kuthamanga mamita 100 sangamere mapewa a Bolt, ndipo ine nditathamanga mtunda uliwonse sindingafanane ndi aliyense wa iwo, kupatula pa kuchuluka kwa miyendo.

Ochenjera ena a m'gulu lathu anatulukira njira yotchedwa Tabata, ndipo anaikonda atangomva kuti imatha m'mphindi zinayi. Mwini wake, Izumi Tabata wa ku Japan, anailemba mu 1996: kupalasa njinga ndi mphamvu zako zonse kwa masekondi 20, kupuma masekondi 10, kubwereza mpaka kasanu ndi katatu. Chimene sitimauzana n'chakuti njirayi inachokera kwa akatswiri a mpikisano wotsetsereka pa madzi oundana, ndipo kafukufukuyo ankayeza mphamvu ndi mpweya, osati mafuta a pamimba. "Mphamvu zako zonse" za akatswiri amenewo ndi zija zoti ukamaliza umagona pansi n'kuyamba kukumbukira machimo ako. Zathuzi ndi zoti foni ikalira timaiyankha osasiya kupalasa. Mu 2017 asayansi ataphatikiza kafukufuku wambiri woyerekeza kuthamanga mwaliwiro modukizadukiza ndi kuthamanga modekha kwa nthawi yaitali, anapeza kuti pa nkhani yochotsa mafuta njira ziwirizi sizisiyana kwenikweni. Yaliwiro imangopulumutsa nthawi, koma imawawa, ndipo mawondo a munthu wonenepa saikonda. Choncho mkangano umene watidyera mabotolo ambirimbiri uja ulibe wopambana. Njira yabwino ndi imene udzakhale ukuichitabe mwezi wachisanu ndi chimodzi.

Tsopano tiwerengetsere, ngakhale masamu ake ndi osautsa. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Munthu akamathamanga amawotcha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, pa kilomita iliyonse. Bambo wa makilogalamu 80 akathamanga makilomita asanu wawotcha makalori 400 kapena kuzungulira pamenepo. Kuti achotse kilogalamu imodzi ndi miyendo yokha, ayenera kuthamanga mtunda wonga wochoka ku Lilongwe kukafika ku Salima. Koma botolo limodzi la mowa lili ndi makalori pafupifupi 140. Mabotolo atatu a "kudzithokoza" abweza kale zonse zimene makilomita asanu aja anachotsa, tisanawerengere kanyenya ndi chipisi cha pachiwaya. Thupi nalonso ndi lochenjera. Mu 2012 Herman Pontzer anayeza anthu a mtundu wa Hadza kumpoto kwa Tanzania, amene amayenda mitunda italiitali tsiku lililonse posaka nyama ndi kufunafuna zakudya za m'tchire, n'kupeza kuti mphamvu zimene amawotcha patsiku, poganizira kukula kwa thupi, sizisiyana kwenikweni ndi za anthu a m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya. Ukalivutitsa thupi mbali ina, limachepetsa zowononga mbali ina, kenaka n'kukutumizira njala. Ichi n'chifukwa chake mimba imamvera mbale msanga kuposa momwe imamvera nsapato.

Kuli chowiringula china chimene ndimachilemekeza chifukwa cha kulimba mtima kwake: "Ine sindithamanga, ndikuopa kutaya minofu." Amene amanena mawuwa nthawi zambiri ndi munthu woti minofuyo muifunefune ndi tochi. Komabe nkhaniyi ili ndi pochokera. Mu 1980 Robert Hickson anaonetsa kuti anthu amene ankanyamula zitsulo masiku asanu pamlungu, kwinaku akuthamanga ndi kupalasa njinga masiku asanu ndi limodzi, anasiya kuonjezera mphamvu cha m'ma mlungu wachisanu ndi chiwiri, ndipo pofika kumapeto kwa milungu 10 mphamvuzo zinayamba kutsika. Werenganinso masikuwo, kenaka mudzifunse ngati ngozi imeneyi ingakupezeni inu. Munthu woyenda ndawala mphindi 30 madzulo ali kutali nayo. Ngozi yeniyeni ya ife ndi ina: ukadzimana chakudya kwambiri osagwiritsa ntchito minofu, thupi limadya mafuta pamodzi ndi mnofu womwe, n'kutsala munthu wofooka amene abale ayamba kumufunsa ngati ali bwinobwino. Mankhwala ake ndi kunyamula zolemera kangapo pamlungu, kaya zitsulo za kujimu kaya zitini zothiramo simenti zija za anyamata a m'makwalala, ndi kudya ndiwo zomanga thupi monga nyemba, usipa, mazira, soya ndi nkhuku. Mtanda uchepe, ndiwo ndi masamba zichuluke.

Nanga zija zogona chagada n'kumadzuka kambirimbiri kuti mimba iphwe? Mu 2011 ku America anayesa zimenezi kwa milungu isanu ndi umodzi. Minofu ya pamimba inalimba ndithu, koma mafuta okuta minofuyo anakhala pomwepo osasuntha. Thupi silichotsa mafuta pamalo pamene ukupindapinda. Limatapa paliponse, motsata dongosolo limene chibadwa chinalemba, ndipo kwa amuna ambiri mimba ndi imene imatsanzika pomaliza. Lamba wotulutsa thukuta ndi jekete la pulasitiki nazonso zimangokuchotsa madzi, amene amabwerera ukangomwa makapu awiri. Mu 2014 asayansi awiri a ku Australia, Ruben Meerman ndi Andrew Brown, anawerengetsa kuti pa makilogalamu 10 a mafuta amene munthu wataya, 8.4 amatuluka ngati mpweya kudzera m'mapapo, ndipo 1.6 okha ndi amene amasanduka madzi. Mafuta timachita kuwapuma. Koma musathamangire kukhala pampando n'kumapuma mofulumira, muchita chizungulire chabe. Mpweyawo umatuluka wochuluka pokhapokha minofu ikamagwira ntchito.

Funso lomaliza ndi lolemera, ndipo sindiliseka. Wina adzati: ngati ndili m'gulu la aja amene anapalasa milungu 20 osapindula, ndivutikirenji? Yankho loyamba n'lakuti kafukufuku wa David Montero ndi Carsten Lundby wa mu 2017 anasonyeza kuti anthu ooneka ngati sakusintha aja, atawaonjezera masiku ochita masewera pamlungu, onse anayamba kusintha. Yankho lachiwiri n'lakuti sikelo siona zonse. Kuyenda, kuthamanga ndi kupalasa njinga kumatsitsa kuthamanga kwa magazi, kumathandiza thupi kugwiritsa bwino ntchito shuga, ndipo kumachepetsa mafuta obisika ozungulira chiwindi ndi matumbo ngakhale kulemera kusanasinthe. Amenewo ndiwo mafuta amene amagoneka anthu m'chipatala. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza munthu wamkulu mphindi 150 mpaka 300 pamlungu za masewera opumitsa wefuwefu pang'ono, kapena 75 mpaka 150 za masewera amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 150 ndi zochepa kuposa zimene timathera poonera mipira iwiri ya Loweruka, pamene tikukalipira anyamata a pa TV kuti sakuthamanga.

Chigamulo changa ndi ichi, mamembala anzanga. Makolo anatisiyira thupi lonenepa msanga ndi lochedwa kumanga minofu, ndipo palibe khoti limene tingakasume. Koma sanatisiyire mtanda wachinayi, botolo lachitatu, kapena kabaza wa ulendo woti tikanayenda wapansi. Izo tinagula tokha ndi ndalama zathu. Sankhani kuyenda, kujoga kapena njinga, chilichonse chimene mawondo anu angalole, nyamulani cholemera kawiri pamlungu, bwezani mtanda umodzi kukhitchini, ndipo ngati muli ndi BP kapena shuga yambani mwaonana ndi adokotala. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo chonde tisapanganenso zoyamba Lolemba, chifukwa gulu lathu lili ndi ngongole ya Malolemba ambiri kale. Yambani lero madzulo.