Ulemu Upite kwa Wochedwa

Pa ulendo uliwonse wa gulu, kaya ndi wa kwaya, wa banki m'khonde kapena wa anthu a ofesi imodzi, pamakhala ngwazi imene sitiyamika. Ndi uja timapangana kuti kosita inyamuka 6 koloko m'mawa, iye n'kutulukira cha m'ma 8, atasamba bwinobwino, perefyumu ali guu. Munthu ameneyu tizimuwombera m'manja.

Taonani gulu lopita ku Cape Maclear. Lasonkha ndalama miyezi ingapo, ndipo pofika tsikulo msungichuma sakuyankhulana ndi mlembi, amayi awiri akuyang'anana cham'mbali polimbirana chipinda choyang'ana kunyanja. Abusa ayesa kuwayanjanitsa, zakanika. Koma Wochedwa, osatsegula n'komwe pakamwa, amawapatsa onse mdani mmodzi. Ikamakwana 7 koloko msungichuma ndi mlembi akhala mpando umodzi, akugwirizana chimodzi: "Koma bambo amenewa ayi!" Mukawaimbira foni amayankha mwaulemu kuti, "Ndatsala pang'ono, achimwene," madzi a m'bafa akumveka khwaa. Chikhulupiriro chotere n'chosowa masiku ano.

Ndi mphunzitsinso. Kunena zoona, anthufe timapita kunyanja kukasambira, kudya chambo ndi kujambulitsa, basi. Ndani angapite mwa kufuna kwake kukaona manda a amishoni? Koma bwato likaima podikira bambo aja, amene akuti akufunafuna kabudula wosambirira, gulu limasowa chochita n'kumayendayenda. Apo m'pamene limamva kuti amishoni a Livingstonia anafika pamalopo mu 1875 pa sitima yawo ya Ilala, malungo n'kuwatha mphamvu, mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881. Wina amatulukiranso kuti paki ya Lake Malawi imene alipira pachipata ija inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Ana amabwerera kwawo ndi nzeru zimene makolo sanalipirire.

Nanga chifundo chake pa zolengedwa! Bwato lafika pa chilumba cha Thumbi, mbuna zamitundumitundu zaonedwa, woyendetsa waimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi yatsika n'kuiwakha. Onse akuwa ndi chimwemwe. Wochedwa ndiye akutulutsa kumene foni m'thumba. "Aise, tabwerezanso, sindinajambule." Nkhwazi imadya kawiri tsiku limenelo, ndipo ikanakhala yodziwa kulemba ikanamutumizira kalata yothokoza.

Amalonda a m'mudzi wa Chembe ndiye amamudziwa bwino kuposa ife. Gulu losunga nthawi limangodutsa osagula kanthu. Gulu lodikira limagula usipa, zibangili, zosemasema, ngakhale chipewa chimene mwini wake sadzachivalanso. A zokopa alendo akanakhala oyamika akanamupatsa mendulo kalekale.

Ena amati amationongera pulogalamu. Pulogalamu yake iti? Pepala lija limati kudzuka 5 koloko, mpira wa pamchenga 9 koloko, mpikisano wa bawo 11 koloko, ngati tabwera kudzalemba mayeso. Wochedwa yekha ndiye amakumbukira kuti tinasonkha ndalama kuti tidzapume.

Mphatso yake yomaliza amaipereka pobwerera. Chifukwa cha iye timanyamuka dzuwa litapendeka, n'kudutsa pa Golomoti kutada, n'kukwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere mumdima wa ndiweyani. Amantha saona phompho. Kwaya imene Lamulungu lililonse imaimba mwaulesi imaimba usiku umenewo ndi mtima wonse, mpaka dalaivala kuvula chipewa.

Gulu lina linaganiza zomuchenjerera pomusankha kukhala wapampando wa ulendo wa chaka chotsatira. Anavomera ndi manja awiri, n'kuitanitsa msonkhano woyamba wa komiti 2 koloko masana. Itakwana 4 koloko anatumiza uthenga pa WhatsApp woti ayambepo, awapeza.